Anamuuza Kuti Amayi Ali Kuchipatala

Amayi atamwalira, akuluakulu a kwathu anagwirizana zoti mlongo wanga wamwamuna asauzidwe. Iye anali ndi zaka zisanu, ine khumi ndi chimodzi. Tsiku la maliro anamutengera kwa anthu ena kutsidya kwa dambo, komwe anatandala akudya mbatata yootcha mpaka anthu atabwerako kumanda. Pobwerera anapeza m'nyumba mwasesedwa, mphasa ya amayi palibe, ndipo anafunsa. Amalume, amene anabwera pagalimoto kuchokera m'tauni, anamunyamula n'kumuuza kuti amayi ali kuchipatala, akachira abwera. Ine anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiloza chala m'maso. Anati mwana wamng'ono sauzidwa za imfa, mutu umasokonezeka, ndipo ndikangotsegula pakamwa ndidzawadziwa bwino.

Bambo athu musawawerengere m'nkhaniyi. Anapita ku Joni mlongo wanga akadali kumsana, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Ndiye mwini mbumba anali amalumewo, ndipo anatitenga tonse awiri kupita nafe kwawo ku Area 14.

Nyumba inali yabwino, ndisaname. Mpanda wa njerwa, geti yachitsulo, agalu awiri onenepa kuposa ife, ndi kapinga amene ankathiriridwa ngakhale m'chilimwe pamene kumudzi tinkalimbirana chitsime. Amalume ankagwira ntchito mu ofesi ina ku City Centre, ankachoka m'mawa atavala tayi, n'kubwera atatopa osafuna phokoso. Akazi awo tinkawatchula kuti anti, chifukwa mawu oti azakhali ankati ndi achimidzi. Anti sanatimane chakudya. Sanationetsenso mano. Ankatisunga monga momwe munthu amasungira katundu amene mnansi wamusungitsa, kuti asawonongeke mwini asanabwere, koma apa mwini wake sakanabwera.

Mlongo wanga ankakhala pafupi ndi geti. Galimoto iliyonse ikaima panja ankasuzumira pa kampata ka pansi, matako m'mwamba, kuona ngati ndi amayi. Kudera limenelo anthu sayenderana. Umatha kukhala tsiku lonse osamva mawu a munthu, kungomva agalu a mpanda wina akuyankhana ndi a mpanda wina. Kumudzi bodza limenelo silikanatha mlungu, mwana wina akanalitulutsa pamasewera. Kuseri kwa mpanda umenewo linakhala n'kumera mizu.

Kenaka m'mimba munayamba. Ankadzuka akudzipinda, thukuta lili kamukamu, chakudya akangolawa n'kusanza. Anayambanso kukodza pogona, chinthu chimene anali atasiya kalekale, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatulutsa matiresi n'kukawabisa kuseri kwa nyumba ya antchito kuti alendo asaone. Anti anadikira masiku angapo, kenaka anati, "Muveke malaya abwino, tipite naye kuchipatala."

Abale inu, mukanamuona mwanayo atamva mawu amenewo! M'mimba munali mukumupweteka, koma anadumpha. Anadzola mafuta yekha mpaka nkhope kuchita phuliphuli. Anatenga banzi limene anamupatsa pa tiyi n'kuliika m'thumba la kabudula, nati akawapatsa amayi chifukwa kuchipatala anthu amamva njala. Ine ndinathawira kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve ndikulira.

Chipatala chake chinali cholipira, ku City Centre, chokhala ndi mipando yofewa ndi wailesi yakanema pakhoma. Tisanakhale n'komwe pansi mlongo wanga anali atalowa kale m'khonde, akutsegula zitseko chimodzichimodzi. Anatsegula cha munthu amene anali akubayidwa jakisoni. Anatsegula cha mankhwala. Nesi wina anamugwira pa mkono n'kumubweza akukalipa kuti mwana uyu ngopanda mwambo, kodi mayi wake ndani. Anti anamupinira pakati pa maondo awo n'kumutsina mwakachetechete.

Adokotala anafunsa anti kuti mwana akudwala chiyani. Anti anayankha. Anafunsa kuti wayamba liti. Anti anayankha. Anamubaya chala kuyeza malungo, anamupatsa kabotolo ka chimbudzi, anamudina pamimba uku akuyang'ana kukhoma. Malungo sanapezeke. Anati mwina ndi njoka za m'mimba, ana a kumudzi zimawavuta, ndipo analemba mankhwala. Nthawi yonseyo mwana maso ali pa chitseko, dzanja lili m'thumba mwa banzi lija, koma palibe anaona kuti pali chofunsa.

M'galimoto analira. "Anti, sitinawaone amayi."

"Chipatala chake si chimenechi," anatero anti, osacheuka n'komwe.

Mukuona chimene anachita? Anangofuna kuti atonthole, iwo amve wailesi. Koma mwana anamva zoti chilipo chipatala china, ndipo njira yokafikirako ndi kudwala. Sindikunena kuti ankanamizira, ayi. Ndine ndinkapukuta masanzi, ndikudziwa. Ululu unali weniweni, kungoti sunachokere kumene ankaufufuzako. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amatero akuluakulu, ndipo mlongo wanga anatsekuladi zitseko za zipatala za m'tauni muno mpaka manesi kumudziwa.

Tinayenda naye. Kwina anamujambula m'mimba ndi makina. Kwina anamuika diripu. Kwina anati asiye mkaka, kwina anati amwe mkaka. Mankhwala a njoka anamwa ochuluka moti njoka ikanakhalamo ikanapempha yokha kutuluka. Anthu ophunzira, a makoti oyera, a Chingerezi chotuluka m'mphuno, ndipo aliyense mafunso ake ankalunjika kwa anti ngati mwanayo ndi mbuzi yobwera nayo kwa alangizi a ziweto. Ine ndinkakhala pakona nditanyamula chikwama cha anti. Yankho ndinali nalo pakamwa, koma kwathu mwana salankhula akulu akulankhula, ndipo panalibe amene anandiyang'ana.

Tsiku lina ndinatopa nazo. Tinali kuseri kwa nyumba ya antchito, pansi pa mtengo wa magwafa, ndikuyanika matiresi aja. Mlongo wanga anandifunsa kuti kodi amayi akachira adzatizindikira, poti takula. Ndinamukhazika pa njerwa n'kumuuza. Ndinamuuza molakwika, mwina, monga mwana wa zaka zanga akanauzira. Ndinati, "Amayi anamwalira. Tinawaika m'manda tsiku lija unadya mbatata. Sadzabweranso."

Anandiyang'ana, kenaka anathamangira m'nyumba akukuwa, "Anti! Anti! Achemwali akuti amayi anafa!"

Anti anatuluka ndi mthiko m'manja. Anamunyamula, anamupukuta misozi ndi chitenje chawo, ulendo woyamba kuwaona akutero, ndipo anati, "Akunama ameneyo. Ali ndi mtima wa ufiti. Amayi ako ali bwinobwino." Atatero anamutsitsa n'kunditembenukira. Mthiko unathyokera pamsana panga. Amalume atabwera anawonjezera ndi lamba, akufunsa ngati ndikufuna kuwaphera mwana m'nyumba mwawo, anthu akawaseke kumudzi kuti alephera kulera.

Zikwapu sizinandiwawe kwenikweni. Chinandiwawa n'choti mlongo wanga anasiya kugona pafupi nane. Ankati ndimawatemberera amayi, ndipo akapanda kuchira ndi chifukwa cha pakamwa panga. Munthu yekhayo amene anamuuza zoona ndiye anasanduka mdani wake.

Mwayi unabwera kamodzi kokha. Amalume anali atatopa ndi zipatala za ku City Centre, ndipo mayi wina wa kumpingo anauza anti za kachipatala kena ka ana ku Old Town, chakufupi ndi msika. Tsikulo galimoto inali ndi amalume, ndiye tinakwera minibasi, anti akudandaula njira yonse za fungo la usipa ndi kondakitala wopanda ulemu. Tinatsika pa depoti, ine mlongo wanga ali kumsana, miyendo ikundigunda m'maondo chifukwa anali atatalika. Tinadutsa ogulitsa zitenje ndi a mapaipi ndi misomali, mpaka tinafika pa kanyumba ka mabenchi a matabwa ndi khatani m'malo mwa chitseko.

Adokotala anali mayi wachisilamu, wofunda mpango kumutu, wosathamanga polankhula. Titangolowa mlongo wanga anatsetsereka kumsana n'kukasuzumira kuseri kwa khatani, komwe kunali bedi loyezera odwala. Anti anayamba kale kupepesa ndi kukalipa nthawi imodzi. Adokotala anakweza dzanja kuti amusiye. Anamuyang'ana akusuzumira pansi pa bedi, kuseri kwa kabati. Kenaka anachoka pa mpando wawo, anakoka kampando ka ana, n'kukhala pansi mpaka maso awo kulingana ndi ake.

"Bambo wamng'ono, mukufuna chiyani kumeneko?"

"Ndi wosamva ameneyo, adokotala, vuto lake ndi m'mimba, wayamba..."

"Mayi, ndimva kwa inu posachedwa. Pano ndafunsa mwanayu."

Iii, ine ndinazizidwa. Ndinali ndisanaonepo munthu akuwadula anti pakamwa. Mlongo wanga anayang'ana anti, anayang'ana ine, kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Amayi anga agona chipinda chiti?"

Adokotala sanadzidzimuke. Anamufunsa kuti amayi ake anawaona liti komaliza, ndani anamuuza kuti ali kuchipatala, ndiponso m'mimba mumamupweteka kwambiri nthawi yanji. Iye anayankha zonse, mwana amene ankati ndi wosamva. Anati mumapweteka galimoto ikaima pa geti koma osatsika amayi. Adokotala anamuyeza pamimba ndithu, bwinobwino, akumuuza chilichonse asanamugwire. Atatha anaitana nesi kuti apite naye kusikelo akamupatsenso madzi akumwa. Ine anandiiwala pakona ndi chikwama changa chija.

"Mayi ake ali kuti?" anafunsa.

Anti anatsitsa mawu. "Anatisiya. Koma mwana sitinamuuze, ngwamng'ono."

"Papita nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka chikukwana."

Adokotala anaika cholembera pansi. Kenaka anati, "Mayi, mwayesetsa, mwayenda naye mwanayu. Koma m'mimba muno ine sindikupezamo matenda oti ndilembere mankhwala. Mwanayu akudikira munthu, ndipo thupi latopa ndi kudikira. Ayenera kuuzidwa. Amuuze munthu amene amamukhulupirira, mutakhala pansi, mawu omveka, ndipo mumulole alire ndi kufunsa. Ngati zikukuvutani, bwerani ndi amalume ake, tidzamuuzire limodzi muno. Akatero muzibwera naye ndizimuona, chifukwa sizithera tsiku limodzi."

Atatero anatembenukira kwa ine. Kani sanandiiwale. "Nanga iwe, mwana wanga, unalipo pamaliro? Alipo amene umalankhula naye za amayi ako?"

Ndinangopukusa mutu, misozi ili chuchuchu pa chikwama cha anti. Chichokereni kumanda palibe munthu anali atandifunsapo kanthu kupatula ngati ndatsuka mbale.

Anti anaimirira, anakonza chitenje, anathokoza mwaulemu wa pamaso. Titangotuluka pa khomo anaphulika. Anati tabwera kudzafuna mankhwala, osati ulaliki. Anati kamayi kameneko kakuwaona ngati mbuli, mwambo wathu sakuudziwa, ndipo nkhani za m'banja la eni sizimukhudza. Analalata kuyambira pa ogulitsa misomali mpaka pa depoti, anthu kumacheuka. Kunyumba anauza amalume kuti dokotala wake ngwachabechabe, sanapereke ngakhale panado. Amalume anati basi, tisadzapitekonso, mwana adzauzidwa akadzakula.

Adokotala aja ndinawakwiyira zaka zambiri. Ndinkati bwanji sanangomuuza okha pompo, anali ndi koti loyera, akanawakhulupirira. Pano ndili ndi ana anga, ndimagulitsa zitenje mumsika womwewo, ndipo ndimamvetsa kuti sakanamuuza mwana wa eni nkhani yotero n'kumubweza m'manja mwa anthu oti akafika kunyumba akamuuza kuti dokotala wanama. Ndikumva kuti masiku ano madokotala ena akuphunzitsidwa kufunsa ana za kunyumba, ndipo nesi wina anandifunsapo zotero ndili ndi mwana wanga wachiwiri. Zabwino. Koma ife tinapeza mmodzi yekha m'tauni yonseyi, ndipo amalume ndi anti anatichotsako ngati tapeza mfiti.

Tsono imvani mmene anthu oteteza mutu wa mwana aja anamuuzira.

Linali Lamulungu, patapita miyezi ingapo. Kumpingo kwa amalume kunali mwambo wothandiza ana amasiye, ndipo kutsogolo anaunjika matumba a sopo, shuga ndi mabulangete. Mpingo wake unali wa anthu a magalimoto, ana amasiye anali ochepa, ambiri anachita kuwabweretsa kuchokera kwina. Abusa analengeza kuti ana onse amasiye abwere kutsogolo, limodzi ndi amene akuwasunga, kuti mpingo uwaone ndi kuwayamika. Ndinaona anti akuyang'ana amayi anzawo a m'bungwe la mpingo. Ndinaona akuwongola duku. Kenaka anatigwira manja, wina uku wina uku, n'kutikokera kutsogolo, amalume ali pambuyo akumwetulira.

Shuga sankamusowa, kunyumba kunali wodzaza kabati. Ankafuna m'manja. Ndipo anthu anawombadi, abusa akunena kuti taonani banja ili, latenga ana a mlongo wawo amene anatsogola, likuwalera ngati awo. Mlongo wanga anali atagwira bulangete limene anamupatsa. Anakoka jekete la abusa. Abusa anawerama akuseka, n'kumuyandikizira maikolofoni, poganiza kuti mwana akufuna kuthokoza.

"Ife si amasiye," anatero, mawu ake akumveka tchalitchi chonse. "Amayi athu ali kuchipatala."

Ena anaseka, poyesa ndi nthabwala za ana. Ena anati, "Ooh, kalanga!" Abusa sankadziwa kanthu, sindiwaimba mlandu. Anamusisita kumutu nati, "Ayi, mwana wanga, amayi ako ali kwa Ambuye. Anamwalira, koma taona, Mulungu wakupatsa amayi ena." Anthu anati ameni.

Mlongo wanga anayang'ana anti. Ankadikira kuti anene kuti abusa akunama, monga ananenera za ine. Anti anayang'ana kudenga, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Anayang'ana amalume. Amalume anali akukonza tayi. Kwaya inayamba nyimbo, ndipo anatibweza ku benchi kwathu ndi matumba athu.

Sanalire. Ndinkayembekeza kuti akuwa, agubuduka pansi, koma anakhala phee, bulangete lili pa maondo, mpaka mapemphero kutha. Titafika, amalume anatsegula wailesi kumvera mpira.

M'mimba munasiya mlungu womwewo. Pa geti sanakhalenso. Anti anakaperekera umboni kumpingo kuti mwana amene madokotala onse anamulephera wachira ndi pemphero la abusa, ndipo anawomberedwanso m'manja. Asa! Palibe anaona kuti mwana wasiyanso kuseka, kuti amadya ngati akugwira ntchito, kuti munthu wamkulu akamuuza kanthu amangomuyang'ana pakamwa osayankha. Kusukulu ankamenya anzake popanda chifukwa chooneka, ndipo aphunzitsi ankati ndi ana amasiye, amakhala choncho. Kwa ine anabwerera pang'onopang'ono, anayambanso kugona pafupi nane, koma za amayi sanandifunsenso ngakhale tsiku limodzi. Ndikayamba ine, ankatuluka.

Pano ndi bambo wa ndevu zake, amawotcherera zitsulo ku Old Town, amapanga mageti ndi mawindo a nyumba za m'ma Area omwewo. Ndi munthu wosamwa, wosavuta, ana ake amawakonda. Amalume anapuma ntchito, akalamba, shuga yawagwira, ndipo ayamba kuopa zokakumana ndi mlongo wawo, amayi athu aja, kumanda. Chaka chatha anaitanitsa abale onse kuti timange chiliza pa manda a amayi. Anati mwana wamwamuna ayenera kukhalapo, ndiye ayambe kuika njerwa. Anamuimbira foni, sanayankhe. Anandituma ine, ndinakana, ndinati pitani nokha, pakamwa muli napo.

Anapitadi, ndipo ndinawaperekeza chifukwa sayendanso okha. Tinamupeza pa shedi yake atavala magalasi akuda, moto uli thethethe. Anazimitsa makina, anawapatsa mpando, anagwada n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse. Amalume anafotokoza za chiliza, za tsiku, za simenti, za abale a kumudzi amene akufunsa kuti mwana wa malemu ali kuti, bwanji sanapondeko kumanda kwa mayi wake chikhalireni.

Mlongo wanga anamvetsera mpaka anamaliza. Kwathu munthu sapita pa maliro a m'banja asanauzidwe ndi eni mbumba, ndipo amalume amadziwa zimenezo kuposa tonsefe.

"Pepani amalume," anatero. "Maliro ake ati? Ine uthenga sunandipeze. Mawu omaliza amene munandiuza inuyo ndi oti amayi ali kuchipatala."

Amalume anatsegula pakamwa. Mumtima ndinati nenani, bambo inu, ndi mawu awiri okha oti amayi anamwalira, mwana wagwada pamaso panu akudikira. Anayang'ana pansi, anayang'ana mageti oyedzamira khoma, kenaka anati, "Iwenso, zakale zimenezo."

Mlongo wanga anadzuka, anasasa fumbi m'maondo, n'kuvalanso magalasi ake. Chiliza tinamanga popanda iye.